Musanagule mpando wonyezimira, dziwani tanthauzo la vanishi

Pali mawu ena amene tidabwereka kwa Angerezi kalekale moti lero timangowayesa athu. Amodzi mwa iwo ndi akuti "vanishi". Mukayenda m'mashedi a akalipentala pa Balaka pano, pa Ulongwe, pa Phalula ngakhale kutsidya kwa Shire ku Liwonde, simutha mphindi khumi osawamva. Wogula akangouzidwa mtengo wa tebulo, funso lotsatira limakhala lakuti, "Ndi vanishi yemwe?" Mmisiri amavomera, ndalama n'kuperekedwa. Pakatha miyezi itatu anthu omwewo mumawapeza akulozana zala, wina akuti adandinamiza, winayo akuti ndidachita zomwe tidagwirizana.

Ndagwira ntchito ya matabwa m'tauni ino kwa zaka zoposa 20, ndipo ndaona kuti mikangano yambiri yotereyi imayamba chifukwa mawu amodziwa aliyense amawamva mwakemwake. N'chifukwa chake ndati ndilembeko zomwe ndikudziwa, kuti ogula ndi amisiri anzanga tizimvana tisanapatsane ndalama.

Pa Chingerezi mawuwa amalembedwa kuti varnish. Amatanthauza mankhwala amadzimadzi, ooneka ngati uchi, omwe ukapaka pa thabwa amauma n'kusanduka kachikopa kolimba koonetsa thabwalo momwe lilili. Apa ndi pomwe amasiyana ndi penti. Penti amaphimba thabwa, mizere yake yachilengedwe osaonekanso, pomwe vanishi amaliteteza ku madzi, thukuta ndi fumbi koma mizere ija imaoneka bwino kuposa kale. Angerezi amagwiritsa ntchito mawu omwewa ngati dzina la mankhwalawo komanso ngati mneni wotanthauza kupaka. Ifenso tidatengera. Monga timanena kuti kupenta ndi kupolisha, m'mashedi mwathu mumamveka zakuti "mpando uja wavanishidwa kale".

Chilembo cha r chili pakatipo ambiri timachiiwala. Pa Chingerezi palinso mawu ena akuti vanish, opanda r, omwe amatanthauza kuzimirira kapena kusowa mwadzidzidzi. Mngerezi amawatchula mosiyana, a mankhwala aja amawakoka pang'ono, koma pakamwa pa ife Amalawi onse amatuluka chimodzimodzi. Pa zikwangwani zina za m'mbali mwa msewu padalembedwa mawu achiwiriwa, ndiye wodziwa Chingerezi akawerenga amaseka poti chikwangwanicho chikukamba za kuzimirira. Nthabwalayi imawawa pang'ono, chifukwa tonse tikudziwa amisiri ena amene akalandira dipoziti amazimiriradi, foni osayankhanso. Palinso mankhwala ochotsa litsiro lokanirira pa zovala otchedwa Vanish. Mukatuma mwana m'sitolo yaikulu ndi kapepala kosowa r, musadabwe akabwera ndi zochapira malaya.

Ndidafufuzapo m'mabuku otanthauzira mawu kuti ndidziwe kumene mawuwa adachokera. Angerezi nawo adachita kubwereka kwa Afalansa, omwe amati vernis, ndipo Afalansawo adawatenga ku Chilatini, momwe ankatanthauza utomoni wina wonunkhira wa mtengo. Akatswiri ena a zilankhulo amaganiza kuti gwero lake ndi dzina la mzinda wakale wa Berenice, womwe lero ndi Benghazi m'dziko la Libya, poti utomoniwo unkadzera padoko la kumeneko popita ku Ulaya. Ngati akulondola, ndiye kuti mawuwa adanyamuka mu Africa muno, n'kukazungulira ku Ulaya zaka mazanamazana, kenako n'kubwerera kwathu atavala suti. Amene mumakwera sitima kudzera ku Nkaya mpaka ku Nayuchi n'kuolokera ku Mozambique, mukafuna mankhwalawa m'sitolo za ku Cuamba mukanene kuti verniz, ndiwo mawu ake pa Chipwitikizi.

Sikuti mawuwa ndi a akalipentala okha. Zomwe amayi athu amapaka m'zikhadabo, zimene kuno timazitchula ndi dzina la Cutex, ku Britain amati nail varnish. Amisiri okulunganso mawaya a mota za zigayo ali ndi vanishi wawo wapadera yemwe amathira pa mawaya a kopa kuti magetsi asadumphe. Madokotala a mano ali ndi wawo wokhala ndi fluoride yemwe amapaka m'mano a ana kuti asaole. Ku France, tsiku lotsegulira chionetsero cha zojambulajambula amalitcha vernissage, chifukwa kale ojambula ankathera tsiku lomaliza akupaka vanishi pa zithunzi zawo anthu asanabwere kudzaona. Ndipo Mngerezi akafuna kunena kuti wina wakamba zoona zokhazokha popanda kukometsera, amati nkhani yakeyo ndi unvarnished, kutanthauza kuti sadaipake vanishi. Zikuonetsa kuti eni mawuwa adazindikira kalekale kuti kunyezimira kumatha kubisa zambiri. Makolo athu adanena zomwezo m'njira yawo: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'chitini cha vanishi weniweni mumakhala zinthu zitatu: utomoni womwe umalimbitsa, mafuta omwe amauma akakumana ndi mpweya, ndi zosungunulira monga tapentaini zomwe zimathandiza kuti bulashi iziyenda bwino. Kuuma kwake kumachitika pawiri. Choyamba zosungunulira zija zimauluka, pamwamba n'kuoneka ngati pauma. Kenako mafuta aja amagwirana ndi mpweya pang'onopang'ono kwa masiku angapo mpaka kulimbiratu. N'chifukwa chake tebulo lomwe lavanishidwa dzulo mukaliyala pulasitiki kapena kuikapo wailesi yolemera, mawa mupezapo chidindo.

Kale zonsezi zinkachokera ku mitengo, ndipo chigawo chathu chino cha Africa chidadyapo ndalama. M'zaka za m'ma 1800, anthu a m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Tanzania, mpaka ku Kilwa komwe amalonda a Chiyao ankafika ndi minyanga ya njovu, ankakumba pansi utomoni wouma womwe Aswahili amati sandarusi, Angerezi amati copal. Unkadzera ku Zanzibar kupita ku Britain ndi ku Salem m'dziko la America, komwe ankapangira vanishi wopaka ngolo zokokedwa ndi mahatchi.

Kuno kwathu tidalima mafuta ake. Nthawi ya atsamunda, maesiteti a ku Thyolo ndi madera ena a kumwera adadzala mitengo ya tung yochokera ku China, yomwe njere zake zimatulutsa mafuta abwino kwambiri opangira penti ndi vanishi. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe adayamba ndi ntchito yofufuza za mtengo umenewu. Mzinda wa Mzuzu nawo udamera pa esiteti ya tung yomwe idatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ngakhale dzina la sayansi la mtengowu, Vernicia, lidachokera ku mawu omwe tikukambiranawa. Msika udayamba kugwa mafakitale atapeza njira zopangira utomoni popanda kudalira mitengo. Polyurethane, dzina lomwe mumaliona pa zitini zambiri lero, adamutulukira ndi Otto Bayer ndi anzake ku Germany mu 1937. Dziko lomwe lidagulitsapo mafuta a vanishi kunja lero likudalira ndalama zakunja kuti lipeze zopangira vanishi.

Tsopano tibwere ku chisokonezo cha m'mashedi. Pali zinthu zisanu zomwe anthu amazitcha vanishi pomwe si vanishi. Siteni ndi utoto wolowa m'thabwa n'kulisintha mtundu, koma satchinga madzi. Sanding sealer ndi wotseka timabowo ta thabwa kuti lisamwe mankhwala ambiri, ndi maziko chabe ndipo payenera kubwera china pamwamba. Lacquer amasungunulidwa ndi thina, amauma m'mphindi zochepa, ndipo nthawi zambiri amachita kupopera ndi makina. Amakongola koma sapirira dzuwa ndi mvula. Shellac amachokera ku tizirombo tina ta ku India ndi Thailand, amasungunulidwa ndi sipiriti, ndipo kachasu akatayikira pamenepo amasiya chipsera. Chomaliza ndi polishi, wa pansi kapena wa nsapato, yemwe ndi phula chabe: amawala sabata imodzi kapena ziwiri, kenako mpando umabwerera mwakale. Osema ziboliboli amagwiritsa ntchito polishi ndipo pa ntchito yawo ndi woyenera, koma pa tebulo lodyerapo nsima sathandiza.

Ngati mukufuna kudziwa chomwe chidapakidwa pa katundu wanu, sankhani malo obisika muyeserepo. Dontho la sipiriti limafewetsa shellac, dontho la thina limasungunula lacquer, koma vanishi wouma bwino sasungunuka msanga. Polishi amachoka mukangokanda ndi chikhadabo.

Vuto lalikulu kuposa onse limabwera siteni ndi vanishi akagwirizana kubisa mtundu wa thabwa. Chaka chatha kudabwera mayi wina, mphunzitsi wa kumudzi, atakweza mbali ya kumutu ya bedi pa njinga ya kabaza. Bedilo adaligula kwina ngati la mlombwa, ndi ndalama za ngongole.

"Bambo, tandionerani bedi langali. Likusupuka ngati njoka yofundula, komanso mwendo umodzi wang'aluka," adatero.

Nditapala pang'ono kumbuyo kwake, kufiira konse kudachoka, thabwa loyera n'kuonekera ndi mfundo zake.

"Mayi, pepani, uyu ndi paini wosauma bwino. Adangomudaya," ndidawauza.

Adakhala chete kanthawi, kenako adati, "Ndiye ndizibweza ngongole ya mlombwa ndikugonera paini?"

Ndidasowa chowayankha.

Ndisamveke ngati ndikunyoza paini. Paini wa ku Chikangawa, ku Zomba kapena ku Dedza akauma bwino amapanga katundu wokhalitsa, ndipo malaina ndi bulugamu nazonso zili ndi ntchito yake. Kudaya thabwa si mlandu ngati wogula wauzidwa. Mlandu ndi kutchula dzina la mtengo wina pofuna kukweza mtengo. Chikuchititsa zimenezi n'chakuti mlombwa, mbawa ndi msambamfumu zikusowa. Amene tidakula tikuona mapiri a Machinga ali bii ndi mitengo tikudziwa momwe makala ndi macheka zapululira nkhalango ya Liwonde. Vutoli si la Malawi yekha. Mu Novembala 2022, mayiko omwe ali m'pangano la CITES atakumana ku Panama adaika mitundu itatu yonseyi m'gulu la mitengo yomwe siyenera kugulitsidwa kunja popanda chilolezo. Choncho wina akakuuzani kuti kabati yonse ndi ya mlombwa koma ndalama yake ikufanana ndi ya paini, yambani mwakayika.

Kuzindikira n'kosavuta. Tembenuzani mpando muone kunsi, kokani dilowa muone m'kati, poti opaka ambiri safika m'malo amenewa. Nyamulani mumve kulemera kwake, paini ndi malaina zimapepuka. Yang'anani mfundo zozungulira, zomwe zimachuluka pa paini. Mlombwa weniweni mtundu wake umalowa mpaka m'kati, ndipo ukapalidwa umatulutsa kafungo kakekake kabwino. Mbali yoyera ya kunja kwa chipika cha mlombwa ndi yomwe imafumbwa msanga, ndiye onetsetsani kuti sadaidaye n'kuiphatikiza pamodzi. Koposa zonse, ngati mwachita kuoda, pemphani kuti mudzaone katunduyo asanapakidwe chilichonse. Mmisiri woona mtima sakana.

Nawo amisiri ali ndi madandaulo awo omveka. Zopangira vanishi zambiri zimachokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi K25 pa K100 iliyonse mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi K44 pa K100 iliyonse mu Novembala 2023, mtengo wa chitini udakwera koopsa. Wogula amafunabe kulipira ngati kale. Amisiri ena amathawira ku kusungunula vanishi ndi palafini kapena petulo kuti lita imodzi ikwanire mipando yambiri, n'kupaka kamodzi kokha. Zotsatira zake ndi mpando womata m'manja womwe suuma, kapena wowala mwezi umodzi n'kuyamba kutuwa. Mukanenerera mpaka kumufinya mmisiri, dziwani kuti pomwe adzachotsere ndi pa vanishi, poti ndiyo ntchito yomalizira.

Ntchito yolongosoka imayenda motere. Thabwa likhale louma, chifukwa laliwisi limafota likamauma, vanishi n'kung'ambika kapena kusupuka. Lipalidwe ndi sandipepa motsatira mizere yake, kuyambira wokhakhala wa nambala 80, kenako 120, kumalizira 180 kapena 220, fumbi lonse n'kupukutidwa. Popaka koyamba timasungunula pang'ono ndi tapentaini, monga momwe adalembera pa chitini, kuti alowe m'thabwa. Akauma timapalanso mopepuka ndi sandipepa wosalala, n'kupaka kachiwiri, n'kudzateronso kachitatu. Vanishi wa mafuta amafuna pafupifupi tsiku lathunthu asanapakidwenso wina pamwamba. Ndiye mmisiri akakuuzani kuti tebulo lomwe wamaliza kukhoma m'mawa mukalitenge madzulo litavanishidwa katatu, pali chomwe sakukuuzani.

Nyengo ya kuno ku Balaka nayo imavuta. Mwezi wa Okutobala kutentha kumaumitsa pamwamba msanga m'kati musanaume, ndiye kupakira padzuwa kumabweretsa matuza ndi makwinya. Mphepo ya fumbi imasiya mchenga pa vanishi wosauma. M'dzinja chinyontho chimachedwetsa kuuma, ndipo lacquer amatha kuchita mbuu ngati nkhungu. Nthawi yabwino ndi m'mawa, pamthunzi, pansi mutawaza madzi kuti fumbi lisauluke.

Kuwala kwambiri sikutanthauza kulimba. Pa chitini amalemba gloss akakhala wonyezimira ngati galasi, satin akakhala wowala pang'ono, ndi matt akakhala wosawala. Onsewa amateteza thabwa, kusiyana kwake ndi kwa m'maso basi. Chofunika kufunsa n'chakuti vanishiyo ndi wa m'nyumba kapena wa panja. Chitseko cha kumaso ndi mafelemu a mawindo zimafuna wa panja, yemwe ali ndi mankhwala otchinga ukali wa dzuwa komanso amatanuka thabwa likamafufuma ndi kufota. Ameneyu amamulemba exterior, kapena marine poti ndi yemwe amapaka maboti. Ngakhale iyeyo amafuna kubwerezedwa pakatha chaka kapena ziwiri. Ndipo musanamizidwe kuti vanishi amapha chiswe. Chiswe chimalowera kunsi kwa miyendo ndi kumbuyo komwe sikudapakidwe, n'kudya m'kati monse kusiya kachikopa konyezimira kali chiimire. Mankhwala a chiswe ndi ena, ndipo amathiridwa vanishi asanapakidwe.

Malo amene ogula amapwetekera kwambiri ndi pogula bokosi la maliro. Munthu amafika ali ndi chisoni, galimoto ikudikira ku mochale, ndipo maso amathamangira bokosi lowala kuposa onse. Pamenepo palibe amene amakhala ndi mtima wotembenuza bokosi. Langizo langa kwa achibale otumidwa ndi lakuti mmodzi wodekha aone kunsi kwake, agwedeze zogwirira, afunse ngati ndi thabwa kapena bolodi ya utuchi womata. Ulemu kwa malemu ndi bokosi lomwe likafike kumanda lili bwinobwino, makamaka likayenda mtunda wautali pa msewu wa dothi nthawi ya mvula.

Kwa amisiri anzanga ndi anyamata omwe tikuwaphunzitsa ntchito, thanzi lathu tiliganizire. Fungo la thina ndi vanishi limapweteketsa mutu, limachititsa chizungulire, ndipo kulipuma zaka zambiri kumawononga m'thupi. Tizipakira pamalo podutsa mphepo. Chikhulupiriro chakuti kumwa mkaka ukamaliza kupaka kumatsuka m'chifuwa n'chabodza, chifukwa mkaka umapita m'mimba pomwe mpweya woipa uja udapita m'mapapo. Kansalu ka kumphuno kamatchinga fumbi lokha, opopera amafunika chophimba kumphuno chokhala ndi zosefera mankhwala. Tileke kusunga thina ndi vanishi m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi, chifukwa mwana sadziwa kusiyanitsa. Zikachitika kuti wamwa, musamusanzitse, thamangirani naye kuchipatala mutatenga botololo. Nsanza zonyowa ndi vanishi wa mafuta zikaunjikidwa pamodzi zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka, ndipo m'shedi modzaza utuchi moto suchedwa. Ziyanikeni panja motambasula kapena zivikeni m'madzi.

Lamulo loteteza ogula la 2003 limaletsa kunamiza munthu za katundu yemwe akugula, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere. Koma dandaulo lopanda umboni silipita patali. Musanapereke dipoziti, mmisiri alembe pa lisiti zinthu zinayi: mtundu wa thabwa, ngati adzalidaya, dzina la chomwe adzapake pamwamba, ndi kuti adzapaka kangati. Pepala limeneli limatetezanso mmisiri wabwino kwa kasitomala amene amalipira za kupaka kamodzi n'kumayembekezera katatu. Funso lakuti "ndi vanishi yemwe?" palokha silikwanira. Onjezerani lakuti "vanishi wake uti, pa thabwa lanji?" Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani ya mipandoyi phulalo limakhala lenileni, la polishi wa nsapato.